Ulendo Wachitatu wa a Masautso

Lamulungu lija Fainala anadzuka ndi ntchito imodzi yokha m'mutu: kubisa sipika ya malume ake. Anaipeza pamalo pake pa masiku onse, pamwamba pa jeke yodindira fodya m'shedi, itachita fumbi lofiirira ngati china chilichonse cha pa esiteti mwezi wa Meyi. Anaikulunga m'chiguduli n'kukaikwirira pansi pa mulu wa mtedza umene iye ndi mayi ake ankathothola kuseri kwa nyumba.

"Akaifuna unena chiyani?" anafunsa mayi ake, a Lefina, osadzutsa n'komwe mutu.

"Ndinena kuti yapita kutchalitchi."

"Uziseka. Achimwene ukuwadziwa."

Ankawadziwa. A Mphepo, malume akewo, anabwera ku Kapelula kuchokera ku Mulanje ali mnyamata, pa lole ya matenanti, ndipo tsopano ndiwo anali mkulu wa osankha fodya pa esiteti. Tsamba ankangoliona kamodzi n'kudziwa mulu wake. Ndiwo analera Fainala bambo ake atamwalira, ndiwo anamuphunzitsa mpaka kukatenga digiri ya zaulimi, ndipo mwa mwambo ndiwo anali mwini mbumba: wofuna Fainala anayenera kudzera kwa iwo. Anali munthu wabwino, wosamwa, wosakonda milandu. Vuto lawo linali limodzi, ndipo linali la magitala.

Kalekale pa esiteti panali makaniko wina wa ku Ulaya amene pochoka anasiya katoni ya makaseti a gulu limodzi loimba nyimbo zimene eni ake amati hevi meto. Anthu onse atazimva anati thirakitala yawonongekanso. A Mphepo okha ndiwo anakhala pansi n'kumvetsera. Dzina la gululo linali lopinda lilime, choncho poona nyundo imene inajambulidwa pa kaseti yoyamba, anangoliti a Nyundo, ndipo oimba ake anawapatsa maina ngati ana a pakhomo: Wandevu wa mawu, Wamanzere wa gitala, Wadazi wa ng'oma. Makaseti anatha, kunabwera memori khadi. A Nyundo anakalamba, anakangana, anagwirizananso, koma kuimba sanasiye. Wandevu anachoka m'gululo Fainala ali ndi zaka zinayi, ndipo m'malo mwake munalowa wina amene a Mphepo ankamutchula kuti Kamnyamata. Kamnyamatayo tsopano anali ndi imvi ndi zidzukulu, koma m'nyumba ya a Mphepo anali akadali mlendo wosapatsidwa mpando.

Zonsezi zikanathera m'nyumba momwemo pakanapanda Steven. Steven anali mphunzitsi ku Chisemphere, ndipo iye ndi Fainala anagwirizana zomanga banja. Anatuma malume ake, a Masautso, kuti adzafunsire mbeta. Ulendo woyamba unayenda mwadongosolo: a Masautso ananena mawu awo, a Mphepo anati amva, afunsa kaye eni ake, abwerenso pakatha milungu iwiri. Ndi mmene zimakhalira. Pa ulendo wachiwiri ndi pamene mtsikana amaitanidwa n'kufunsidwa pamaso pa alendo ngati akuwadziwa, kenako mwini mbumba amapereka yankho.

Pa ulendo wachiwiriwo foni ya a Masautso inalira asanamalize n'komwe malonje. Inalira nyimbo ya a Nyundo.

Zinapezeka kuti a Masautso anayendetsa mathiraki onyamula mabelo kupita kudoko kwa zaka makumi awiri, ndipo a Nyundo ndiwo ankawachotsa tulo pamsewu. Akuluakulu awiriwo anaimirira n'kugwirananso chanza, misozi ili lengelenge. Aliyense ankayesa kuti m'boma lonse la Kasungu ali yekha. Chimwemwecho chinatha mphindi khumi, mpaka pamene a Masautso ananena kuti gululo linayamba kuimba zenizeni Wandevu atachoka. Fainala anakhala kuseri kwa nyumba atavala chitenje chatsopano mpaka dzuwa kupendeka, osaitanidwa. A Masautso anakwera njinga yawo yamoto osatsanzika bwino, ndipo atafika kwawo anachita manyazi kunena zoona. Anangouza mlongo wawo, mayi a Steven, kuti yankho silinaperekedwe.

Mayi a Steven anali kale ndi maganizo awo pa za ana a matenanti. Anati anthu a kumwera sakana ndi pakamwa, amangokuyendetsa mpaka nsapato zithe. Ulendo wachitatu anaulola chifukwa Steven anachonderera, koma ananeneratu kuti wachinayi kulibe. A Masautso akabweranso chimanjamanja, ndiye kuti mbeta yakanidwa, ndipo dzina la Fainala lisadzamvekenso pakhomo pawo.

Lamulungu limeneli ndilo linali la ulendo wachitatu.

"Munawauza koma malume kuti ulendo uno ndi womaliza, amayi?" anafunsa Fainala atakhala pamphasa.

"Katatu. Akuti yankho ali nalo, koma akufuna aone kaye ngati ndi banja la anthu akumva."

"Akumva chiyani?"

"Akumva basi. Makutu."

Fainala anathothola mtedza mwamphamvu mpaka tsinde linaduka. Zaka zinayi ku koleji anaphunzira za nthaka, za tizirombo, za mmene ungalankhulire ndi mlimi wamakani. Za ichi panalibe phunziro.

Njinga yamoto inafika cha m'ma naini. A Masautso anali atavala jekete la ukwati ndi nsapato zopukuta, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukapepesa maliro. A Mphepo anawalandira pakhonde atavala shati yoyera. Kuseri kumene Fainala anakhala mawu onse ankafika bwinobwino, chifukwa zitseko zonse ziwiri anazisiya dala zotsegula.

Zinayamba bwino. Anafunsana za kumudzi, za msewu wa ku Chisemphere, za mitengo ya fodya ku okushoni. Kenako a Masautso anatulutsa foni, anaionetsa m'mwamba kuti mnzawo aone, n'kuizimitsa. A Lefina anayang'ana mwana wawo n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwachita bwino kuzimitsa," anatero a Mphepo. "Zina si zoyenera kumveka pakhomo pa anthu."

A Masautso anabweza foni m'thumba n'kuwayang'ana.

"Zina ziti?"

"Palibe. Ndangoti zina."

"Ngati mukunena chimbale cha a Nyundo chojambulidwa mbalame chija, a Mphepo, nenani poyera. Tonse ndife akuluakulu."

"Ine mbalame sindinaitchule. Koma poti mwaitchula nokha, tiyeni tiione mbalameyo."

Fainala anatseka maso.

"Ine ntchito yanga ndi kusankha," a Mphepo anapitiriza, mawu ali pansi ngati akulangiza wophunzira ntchito. "Wandevu ndi tsamba la pakati. Lalitali, lamafuta, ukaligwira limakuyankha. Kamnyamata wanuyo ndi masamba a pansi aja amagwa okha, amene timatola kuti belo lidzaze."

"Tsamba la pakati? Munamumva pa chimbale chachisanu? Injini yopanda oilo. Pokwera mawu ankasintha magiya mpaka thiraki kubwerera chambuyo."

"Ankadwala chimfine!"

"Zaka zitatu?"

"Ku Ulaya kumazizira!"

"Nanga Kamnyamata amakhala ku Nsanje?"

A Lefina anaika dzanja pakamwa. Fainala anawayang'ana mpaka anachotsa.

"Ndiponso Wandevu wanuyo anachoka yekha," anatero a Masautso. "Anaona kuti zamukulira."

"Anamuthamangitsa ndi Wamanzere, wanjiru uja."

"Wamanzere musamutchule. Ndiye mwini gulu."

"Mwini gulu? Munthu woliza gitala mphindi zisanu ndi ziwiri ngati waiwala kuti anabwera ndi anzake? Achemwali! Sipika yanga mwaiona? Ndikufuna bambowa amve okha."

"Sindinaione, achimwene," anayankha a Lefina, atakhala pafupifupi pamwamba pake.

Fainala anaganiza kuti popanda sipika moto uzima. Analakwitsa. A Mphepo anakokera mpando wa ndalema pakati pa miyendo n'kuyamba kuuomba ngati ng'oma, uku akubangula ndi mawu a pakhosi kusonyeza mmene Wandevu ankalowera nyimbo. A Masautso anavula jekete, naimirira, n'kuyamba kulira ndi mawu ang'ono okwera, kusonyeza mmene Kamnyamata amailowera nyimbo yomweyo. Nkhuku zinabalalika. Amayi atatu ochokera kutchalitchi anaima pamsewu, mabaibulo ali m'manja, akufunsana ngati pakufunika pemphero.

Foni ya Fainala inanjenjemera. Anali Steven.

"Zili pati?"

"Ali pa chimbale chachisanu ndi chimodzi."

"Zilipo zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

Steven anapuma mozama. "Fai, amayi sanapite kutchalitchi lero. Akhala pakhonde chiyambire m'mawa, akuyang'ana kumsewu. Sungangopita n'kuwauza?"

"Ndipite ndekha osaitanidwa? Kuti amayi ako adzamve kuti mwana wa matenanti anadzipereka yekha ngati thumba la feteleza?"

"Ndiye titani?"

"Iwe pemphera. Ine ndikuthothola mtedza."

Dzuwa linafika pamutu. A Lefina anapititsa thobwa pakhonde, nakhosomola kawiri pafupi ndi mlongo wawo, koma palibe anawaona. Anabwerako n'kukhalanso pamalo pawo. Pofika chimbale chachisanu ndi chinayi mawu anali atasasa onse awiri, ndipo ulemu unali utayamba kutha.

"Munthu amene sasiyanitsa kuimba ndi kukuwa," anatero a Mphepo, "ndikayika ngati kwawo amasiyanitsa zina."

"Kwathu mwakutchula?"

"Ndangoti ndikayika."

Kunamveka kulira kwa makiyi. Fainala anasiya mtedza. Anamva a Masautso akukutumula jekete, kenako nsapato zikutsika pakhonde.

"Ndapita, a Mphepo. Ndinabwera ndi ulemu."

"Khalani pansi."

"Ndakhala mokwanira."

"Ndati khalani pansi. Nkhani iyi sitingaimalize awiri. Tiitane mwana."

A Lefina anagwira mkono wa Fainala n'kuufinya. Anamukonza chitenje mofulumira, kumusansa dothi la mtedza pamapewa, n'kumukankha pang'ono. Fainala anazungulira nyumba pang'onopang'ono monga anamulangizira, nagwada kumapeto kwa khonde, maso pansi, manja pamodzi.

"Fainala, mwana wanga," anatero a Mphepo ndi mawu a pamwambo, "pali funso limene uyenera kuyankha pamaso pa alendowa. Usaope munthu. Unene zimene zili mumtima mwako."

"Ndamva, malume."

"Iwe wakulira m'nyumba muno, ndiponso sukulu unapita nayo patali. Pakati pa Wandevu ndi Kamnyamata, woimba ndi uti?"

Fainala anayang'anitsitsa nyerere imene inkadutsa pa simenti itasenza kachidutswa ka chinachake. Anaiperekeza ndi maso mpaka inalowa mumng'alu. Akati Wandevu, a Masautso akwera njinga. Akati Kamnyamata, malume ake anena kuti mwana amulodza kale, ndipo yankho likhala lina. Akanena zimene wakhala akuuza anzake moyo wake wonse, kuti zonsezi ndi chigayo chogaya miyala, akwiya onse awiri.

Koma chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti yankho anali nalo. Sanalifune, sanalifunefune, koma linalipo. Khoma la chipinda chake linali lopyapyala. Mayeso a Sitandade 8 anawerengera pa ng'oma zimenezi, a Fomu 4 chimodzimodzi. Kudzera pakhoma mawu a woimba samveka bwino, gitala naye amasanduka udzudzu. Chimene chimadutsa chonse ndi ng'oma.

"Onse awiri ndi aganyu," anatero.

Akuluakulu awiriwo anamutembenukira.

"Wati chiyani?" anafunsa a Masautso.

"Gulu lija ndi Wadazi. Phazi lake lamanzere limachedwa pang'ono, pang'ono penipeni, ngati la munthu amene wasenza belo lolemera. Kuchedwa kumeneko ndiko kumalemeretsa nyimbo. Wandevu ankatsamira pamenepo. Kamnyamata atabwera anatsamiranso pomwepo, n'chifukwa chake gulu silinagwe. Koma kuyambira pa chimbale cha mbalame, phazi lija silichedwanso."

"Mwina anachira," anatero a Mphepo mokayika.

"Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi sachira phazi limene wayendera moyo wake wonse, malume. Pachithunzi alipo, dazi lili mbee. Koma amene akuomba ng'oma m'katimo si iyeyo. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano. Inu mukukangana za udzu wa padenga, chigafa anachichotsa nsanamira, nonse awiri osamva."

A Masautso anakhala pansi okha, osauzidwa. Chimbale cha mbalame ndicho ankachikonda koposa zonse. A Mphepo, amene anali asanalakwitsepo tsamba zaka makumi atatu, ankayang'ana mwana wa mlongo wawo ngati wawapeza ndi fodya wonyowa pakati pa belo.

"Sizingatheke," ananong'ona a Masautso. "Pa nyimbo iti?"

"Sipika," anatero a Mphepo. "Sipika ija ili kuti?"

"Pamene ili ndikupadziwa," anayankha Fainala, maso akadali pansi. "Nyimbo yake ndikuidziwa, ndi mphindi yake yomwe. Koma malume, ine ndagwada pamaso pa bambo amene sindinafunsidwe ngati ndikuwadziwa. Munandilera nokha. Mtsikana sacheza ndi alendo."

Akuluakulu awiri aja anayang'anana. A Masautso anayang'ana jekete limene linali pamwendo pawo ngati akuliona koyamba, n'kulivala mofulumira, kolala ina itapindikira m'kati. A Mphepo anakankhira mpando wa ndalema kumbali ndi phazi, nakhosomola.

"Fainala, anthu awa ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa. Ndi malume ake a Steven."

"Steveniyo ukumufuna?"

"Eya, malume."

"A Masautso, mwamva nokha. Ife tilibe mawu ena. Mbeta tavomera. Sipika."

"Tsiku, achimwene," anatero a Lefina. Anali ataima pangodya ya nyumba, manja ali m'chiuno, ndipo palibe anadziwa kuti afikapo nthawi yanji.

"Tsiku la chiyani?"

"La chinkhoswe."

"Tikagulitsa mabelo omaliza. Loweruka loyamba la Ogasiti. A Masautso?"

"Lili bwino, lili bwino. Mwana ananena kuti mphindi yake akuidziwa."

"Ndikuidziwa," anatero Fainala. "Koma kunyumba kwanu akudikira, bambo. Mwina mukanawaimbira kaye. Ine ndidikira pompano."

A Masautso anayatsa foni n'kuimba. Mlongo wawo anayankha isanalire n'kawiri komwe, ndipo mawu awo ankamveka mpaka pamene Fainala anagwada.

"Alongo, zatheka. Avomera. Loweruka loyamba la Ogasiti."

"Avomera? Nanga maulendo atatu onsewa ankafuna chiyani?"

A Masautso anayang'ana a Mphepo. A Mphepo anayang'ana kudenga.

"Ndi anthu a mwambo kwambiri, alongo. Safulumira. Mwanayonso ndamuona ndekha, ndi waulemu, ndiponso makutu ali nawo."

"Makutu?"

"Ndidzakufotokozerani."

Fainala anadzuka, maondo atachita dzanzi, n'kukafukula sipika mumtedza. A Mphepo anaiona ikutuluka m'chiguduli n'kungopukusa mutu. Fainala anayamba waika nyimbo yakale, ya nthawi ya Wandevu, n'kukweza chala pamene phazi lija linkachedwa. Kenako anaika ya pa chimbale cha mbalame n'kuithamangitsa kufika pa mphindi yachitatu, pamene magitala amasiya ng'oma zokha. Akuluakulu awiri anaweramira sipika, mitu itatsala pang'ono kugundana. Ng'oma zinayenda molunjika, mofanana, ngati makina osokera.

A Mphepo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Wadazi," anatero motsitsa. "Anamutani mwana wa eni ake?"

"Mwina nyamakazi," anatero a Masautso. "Mwina anangomusunga pachithunzi kuti azidya nawo. Ndi chifundo chimenecho."

"Chifundo? Ndi Wamanzere ameneyo. Ndinakuuzani kuti ndi wanjiru. Anayamba ndi Wandevu."

"Wamanzere ndati musamutchule!"

Fainala anabwerera kuseri kwa nyumba mwakachetechete. Mayi ake anali akulira pang'ono uku akuseka, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Asanakhale n'komwe pansi, Steven anaimbanso. Kumbuyo kwake kunkamveka nthungululu imodzi, yaifupi, ya munthu amene sanakonzekere kuimba nthungululu.

"Fai! Watani? Wawauza chiyani?"

"Usandifunse. Ndanena zinthu zimene sindinkadziwa kuti ndingazinene pamaso pa anthu."

"Malume akuti ndiwe wanzeru zoopsa. Anditumizira uthenga pompano. Akuti tikakwatirana azibwera Lamulungu lililonse ndi zimbale zonse, muzimvera limodzi."

"Zonse?"

"Akuti ayambira choyamba."

Fainala anayang'ana kuthambo kopanda mtambo, kenako mapesi a fodya amene anaima mbuu m'munda mpaka kumene maso amalekeza.

"Steven, mvetsera. Nyumba imene tidzachite lendi ikhale kutali ndi msewu. Isakhale ndi khonde. Ndipo mpando wa ndalema usadzagule."

"Fainala!" anaitana a Mphepo kuchokera kumaso. "Tabwera kuno! Bambowa akuti pa chimbale chakhumi ndi chitatu phazi likuchedwanso. Dzawauze kuti akunama!"

"Usapite," anatero a Lefina. "Zako zatheka kale."

Fainala anakhala pansi, natola tsinde la mtedza. Anathothola ziwiri, zitatu. Kenako analiponya pamulu n'kuimirira, akudzisansa mokwiya.

"Chakhumi ndi chinayi," anatero. "Ndi chakhumi ndi chinayi, ndipo ndi nyimbo imodzi yokha. Anthu awa samva."